MPWEYA WOIPA M'ZITSIME NDI M'MAENJE
Mau kwa Mafumu, Nyakwawa ndi Alimi



Lero sindinadze kudzanena za mbeu kapena za mizere. Ndadza ndi mlandu wa moyo wa munthu amene alowa m'malo opanda mphepo kukagwira nchito: wokumba citsime, wofukula citsime cakale, wokonza dzenje la cimbudzi, ndi wolowa m'balani ya fodya moto uli mkati. Nchito zimenezi nzofunika, ndipo palibe mudzi ungakhale popanda izo. Koma muli ngozi imene maso saiona, ndipo kawirikawiri ngoziyo sikhuta ndi munthu mmodzi. Ipha woyamba, niphanso mbale wace wothamangira kukamcotsa. Mau anga onse alinga pa zinthu ziwiri: kuti woyambayo asagwe, ndi kuti akagwa, waciwiri asamtsate.

UMO ICITIKIRA NGOZIYI

Mwezi wa Okotobala ndi wa Novembala, dzuwa litakula, mitsinje yaing'ono iphwa, ndi madzi atsika m'zitsime za pamudzi ndi za kumadimba. Ndiyo nyengo imene eni zitsime afuna mnyamata wakuti atsike, acotse matope, akumbe moonjezera.

Mnyamatayo atsika m'mamawa ali wamphamvu, wosadwala. Afika pansi, nawerama kuti atape matope. Asanadzaze ndowa, angogwa, osapfuula konse. Mkulu wace ali pamwamba aitana kawiri, katatu. Posamva yankho atsika msanga, ndipo pofika pansi nayenso agwera pa mng'ono wace. Mpfuu imveka m'mudzi, nabwera wacitatu wolimba mtima. Pofika madzulo pali maliro awiri kapena atatu pa banja limodzi, ndi anthu ayamba kunong'onezana kuti citsimeco anacilodza, kapena kuti muli cinjoka.

Izi sizicitika kwathu kuno kokha iai. M'caka ca 1986 a boma la America oyang'anira za moyo wa anchito anacenjeza kuti mwa anthu 100 ofera m'malo otsekeka otere, oposa 60 anali aja analowa kukapulumutsa anzao. Onani tsono kuti cifundo ca phuma cingaphe anthu ambiri koposa ngozi yoyamba ija.

CIMENE CIPHA ANTHUWA

Mpweya umene tipuma uli wosanganiza. Mwa magawo 100 a mpweyawo, magawo 21 okha ndiwo asunga moyo, ndipo ophunzira awacha okosijeni. Kunja kuno mphepo itibweretsera watsopano usana ndi usiku. Koma pansi pa dzenje lakuya mphepo sifika, ndipo okosijeni akatha palibe combwezera.

Ambiri a inu mwasungako cimanga m'matumba aja osalowa mpweya, ochedwa PICS. Simuthiramo mankhwala, koma anankafumbwe afa. Afa ndi ciani? Iwo eni, pamodzi ndi cimangaco, apuma okosijeni yense wa m'thumbamo, ndipo pakutha iye afa onse. Citsime cokhalitsa cobvundikira cingasanduke thumba lotero kwa munthu.

Mipweya yoipa imene muyenera kuidziwa iri mitundu itatu.

Woyamba ndi mpweya wolemera, umene ophunzira aucha kaboni dayokisaidi. Uturuka m'nthaka, ndi ku masamba, zinyalala, acule ndi makoswe oolera m'citsime. Ulemera koposa mpweya wamba, cifukwa cace utsikira pansi nukhala pomwepo monga madzi m'mbiya. Munthu woimirira angapume bwino mutu wace uli pamwamba pace, koma powerama amizamo nkhope yace. Kuti mudziwe mphamvu yace, imvani za ku dziko la Cameroon. Usiku wa pa 21 Ogasiti 1986, mpweya womwewu unaturuka wambiri m'nyanja yaing'ono ya Nyos, nutsikira m'zigwa kumene kunali midzi, nupha anthu oposa 1,700 ndi ziweto zikwi zingapo. Panalibe moto, panalibe cigumula. Anthu anangosowa copuma.

Waciwiri ndi mpweya wa makala, kaboni monokisaidi. Uturuka pa mbaula, pa moto wofuka m'malo otsekeka, ndi ku injini ya petulo kapena ya dizilo. Ulibe mtundu, ulibe pfungo. Akulu anati tsoka silinunkha, ndipo mpweya uwu ndiwo tsoka lotero. Magazi a munthu aukonda mpweyawu koposa okosijeni kopitirira ka 200, cotero ukalowa m'cifuwa ulanda malo a okosijeni, ndi munthu afooka asanadziwe cimene cacitika. Masiku ano alimi ambiri a kumadimba ali ndi mapampu a petulo. Madzi akatsika kwambiri, paipi nkusafika, ena amatsitsira pampuyo m'kati mwa citsime, natsikanso iwo eni kukaikonza iri kulira. Inu nonse mudziwa kufukiza mbewa: musonkha moto pakamwa pa una, mukupizira utsi m'kati, ndipo pofukula muzipeza zitafa. Wotsika m'citsime momwe injini iri kulira adzisandutsa mbewa ya ku una.

Mpweya womwewu ukhalanso m'balani za fodya. Ciyambire zaka za m'ma 1920, pamene fodya wa cikopa anafala m'dziko lino la Lilongwe, alimi akhala akuumitsa fodya ameneyo ndi moto wofuka m'balani zotseka bwino. Utsi umenewo ukometsa fodya, koma sukometsa cifuwa ca munthu. Musagone m'balani cifukwa ca cisanu kapena cifukwa ca kuopa akuba. Pofuna kulowa, yambani mwatsegula citseko kuti utsi ucepe, citani nchito yanu msanga, ndipo mnzanu aime pakhomo. Momwemonso mbaula isagone m'nyumba yotseka m'miyezi ya Juni ndi Julayi.

Wacitatu ndi mpweya wa zoola, wa m'zimbudzi ndi m'matanki a zonyansa. Ukakhala wocepa ununkha ngati dzira loola. Ukacuruka upha mphuno, ndi munthu ayesa kuti pfungo latha, pamene ndipo pafika poopsa penipeni. Uturuka wambiri pamene zonyansazo zibvundulidwa. M'maenje omwewo mukhalanso mpweya wina woyaka moto, wokhoza kuphulika ndi kamtengo kamodzi ka macesi. Cifukwa cace foni kapena ndalama zikagwera m'cimbudzi, zilekeni. Foni igulika pa msika wa Nsaru. Mwana wanu sagulika kuli konse.

Ndionjezepo za mapiritsi aja ofukizira cimanga. Mpweya wao ndi ululu woopsa kwa anthu monganso kwa anankafumbwe. Asaikidwe m'nyumba yogona anthu, ngakhale m'cipinda coyandikana nayo.

MALAMULO 7 A WOTSIKA M'CITSIME

1. Yambani mwafunsa ngati kutsika nkofunikadi. Ndowa ikagwa, ikoleni ndi ngowe ya citsulo pa cingwe. Nkhuku kapena galu akaferamo, mubvuuleni ndi dengu lomanga ku nsungwi. Nchito imene itheka muli pamwamba, icitikire pamwamba.

2. Lowetsani mphepo. Cotsani cibvundikiro conse, citsime cikhale cotsegula kuyambira dzulo lace. M'mawa mangani mtolo waukuru wa nthambi zamasamba ku cingwe, kapena ambulera yotambasula, ndi kuutsitsa ndi kuukweza msangamsanga, kufikira pansi penipeni, kosaleka kwa theka la ora. Ena amatsitsa udzu woyaka, nati moto upitikitsa mpweya woipa. Kumeneko ndi kulakwa kwakukuru, pakuti moto udya okosijeni wotsalayo, nusiya mpweya wa makala m'malo mwace.

3. Yesani mpweya ndi lawi. Yatsani kandulo kapena koloboyi m'citini cotsegula pamwamba, ndi kuitsitsa pang'onopang'ono kufikira pafupi ndi madzi, ikhale pomwepo mphindi zingapo. Lawi likacepa kapena kuzima, munthu asatsike. Bwerezani kukupiza, ndi kuyesanso. Likazimanso, nchito ya tsikulo yatha. Koma mverani bwino malire a ciyeso ici. Lawi likuuzani za kusowa kwa okosijeni kokha. Liyaka bwinobwino pakati pa mpweya wa makala wokwanira kupha munthu, cotero citsime cimene munali injini kapena moto, lawi silingacibvomereze. Ndipo m'cimbudzi, kapena pamene panatayika petulo, lawi lisayandikire konse. Makampani ogwira nchito zotere ali ndi kacipangizo koyeza mipweya yonseyi, ndipo kakapezeka, kaposa kandulo kutali. Ciyeso ca dzulo sicigwira nchito lero. Yesani m'mawa uli wonse, ndiponso pobwerera ku nsima ya masana.

4. Wotsika amangidwe cingwe asanaponde mwendo m'kati. Cikhale cingwe cace ca iye yekha, cosiyana ndi ca ndowa, colimba, cosaola, coyesedwa poyamba ndi thumba lodzaza mcenga. Cimangidwe m'cifuwa kunsi kwa makhwapa ndi m'ncafu, ndi mfundo yosathina, kuti pomkoka aturuke mutu uli m'mwamba. Cingwe ca m'ciuno cokha cimpinda munthu wokomoka pakati, nakakamira m'njira. Cidutse pa mtanda wolimba wopingasa pakamwa pa citsime, ndi nsonga yace imangidwe ku mtengo. Asacimasule ali pansi, ngakhale cimsautse pokumba.

5. Pamwamba pakhale amuna atatu kapena anai. Mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu mmodzi sangakweze mnzace wokomoka kucokera pansi pa citsime. Mmodzi wa iwo nchito yace ikhale imodzi yokha, ndiyo kuyang'ana wa pansiyo ndi kulankhula naye kosaleka. Asacoke kukamwa madzi, asaceze ndi odutsa. Wa pansi akaleka kuyankha, kapena akayankha zosamveka, amkoke pomwepo osayamba afunsana. Ana asatumidwe kutsika cifukwa cakuti ali ocepa thupi, ndipo wakumwa mowa asatsike, asagwirenso cingwe.

6. Injini, moto ndi fodya wosuta zisalowe m'dzenje. Pampu ikhale pamwamba, patali ndi pakamwa, ku mbali kumene mphepo ipita, kuti utsi wace usabwerere m'kati. Pofuna kuunika, gwiritsani toci.

7. Samalani makoma. Dothi la katondo liima bwino, koma mcenga wa kudambo ugumuka wosacenjeza, makamaka mvula itagwa. Dothi lodzaza mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi m'kuya lilemera monga matumba 30 a cimanga a makilogalamu 50. Ndani angapume atamsanjikiza matumba 30 pa cifuwa? Kumbani dzenje lozungulira, pakuti lilimba koposa la ngodya zinai. Poturutsa dothi, litayeni kopitirira mita imodzi kucokera pakamwa. Pofewa mangani ndi njerwa kapena mphete za simenti pamene muli kutsika, osati mutatha. Miyala, makasu ndi ndowa zisakhale m'mphepete, ndipo wa pansi abvale cisoti colimba.

Inu wokumba, thupi lanu lingakucenjezeni. Mukamva mutu kuwawa, cizungulire, mtima kugunda msanga, kupuma kwa befu, miyendo kulefuka kapena tulo tosadziwika, gwedezani cingwe, akuturutseni. Musacite manyazi kuti anzanu adzakuyesani waulesi kapena wamantha. Mbewa ya manyazi inafera ku una. Ndipo dziwani kuti nthawi zina cenjezo silibwera konse, munthu angogwa. Ndico cifukwa cace cingwe cimangidwa poyamba.

MUNTHU AKAGWA M'KATI

Apa ndipo pagona mau anga, ndipo ndipempha mafumu awasunge. Munthu akakomoka pansi pa citsime popanda comgwera, dziwani kuti mpweya wa pamenepo ndi woipa, ndipo cimene camgwetsa iye cidzagwetsanso inu. Mphamvu sizithandiza. Kumanga nsaru yonyowa pa mphuno sikuthandiza, pakuti nsaru sibala okosijeni. Kugwira mpweya m'cifuwa sikuthandiza, pakuti palibe munthu angatsike, namange mnzace, nakwerenso osapuma.

Ngati anamangidwa cingwe, mkokeni msanga koma mosamala, kuti mutu usagunde makoma. Pamenepo apulumuka popanda wina kutsika.

Ngati analibe cingwe, citani izi. Mugwireni mbale wace wofuna kudziponya m'kati, ngakhale alire, ngakhale akutukwaneni, adzakuthokozani m'tsogolo. Zimitsani injini ngati iri kulira. Ena ayambe pomwepo kukupizira mphepo pansi ndi nthambi kapena ambulera, osaleka. Ena ayese kumkola zobvala ndi ngowe, kapena kumkoleka cingwe m'khwapa ndi nsungwi yaitali. Wina athamange kukafuna galimoto kapena ngolo, ndi kudziwitsa a cipatala ndi a polisi. Zonsezi zikalephera, munthu mmodzi yekha angatsike, koma pokhapokha mphepo italowetsedwa ndithu ndi lawi litayaka bwino pansi, iye atamangidwa cingwe cace, amuna anai atacigwira. Nchito yace ndi kumanga wokomokayo cingwe cina ndi kukwera pomwepo. M'cimbudzi, kapena m'citsime modzala utsi wa injini, lawi silinena zoona, ndipo wotsikamo wopanda zipangizo zopumira aika moyo wace pa ciswe.

Mutamturutsa, mgonekeni pa mphepo, anthu asamuunjirire. Ngati ali kupuma, mgonekeni cammbali kuti akasanza asatsamwe. Musammwetse madzi, mkaka kapena mankhwala ali cikomokere. Ngati sapuma, musayambe maliro. Mgonekeni cagada pouma, ikani manja anu onse awiri pakati pa cifuwa cace, ndi kukanikiza mwamphamvu ndi msanga ka 30; pamenepo mweramitsireni mutu kumbuyo, mtsineni mphuno, ndi kumuuzira mpweya m'kamwa kawiri. Bwerezani cotero kosaleka, mulandizane, kufikira apume kapena afike a cipatala. Ubongo wa munthu uyamba kuonongeka pakapita mphindi 4 kufikira 6 wopanda okosijeni, cotero nthawi yofunsana za mwini mlandu palibe.

Ngakhale atsitsimuke nanena kuti ali bwino, mtengereni ku cipatala ca pafupi, kaya ndi ca St Gabriel's ku Namitete, kaya ca Kabudula, ca Nambuma kapena ca Nsaru. Ululu wa mipweya iyi ungabwerenso m'cifuwa kapena m'mutu patapita maora kapena masiku. Auzeni a cipatala kumene anakomokera, ndi ngati panali injini, makala kapena zonyansa. Akaona kuti matenda ndi akuru, iwo adzamtumiza ku Kamuzu Central Hospital.

Ngati dothi lamgumukira, khamu licoke m'mphepete, pakuti kulemera kwa oonerera kugwetsa dothi lina. Chinjirizani makoma ndi matabwa kapena mitengo, fukulani mosamala, ndi manja mukayandikira, muyambe kumasula mutu ndi cifuwa.

NCHITO YA MAFUMU

Mafumu ndi nyakwawa, m'caka ca 1997 Nyumba ya Malamulo ya Malawi inakhazika lamulo lakuti wolemba anthu nchito asamale moyo wao pa nchitopo. Koma woyang'anira wa boma sangafike pa citsime ciri conse ca kudimba. Pamudzi diso la lamulo ndinu. Akuluakulu a m'midzi mwanu amene anapita ku migodi ya ku Johannesburg ndi Wenela adzakuuzani kuti kumeneko gulu silinaloledwa kuyamba nchito pamalo, wamkuru asanayambe wapayesa. Mwambo womwewo ukhale pamudzi panu.

Lamulani kuti wofuna kukumba kapena kufukula citsime ayambe wadziwitsa mfumu. Mudzi usonkhe ndalama, ugule zingwe ziwiri zolimba, ngowe ndi toci, zisungidwe pa nyumba yodziwika kwa onse, ndipo zisabwerekedwe kukamangira ng'ombe kapena mitolo ya fodya. Mwini citsime amene alemba waganyu ampatse anthu omlonda. Asamsiye yekha napita ku msika. Zitsime zogwira nchito zikhale ndi cibvundikiro ndi kakhoma, zakale zosiyidwa zikwiriridwe, ndi maenje a zimbudzi osatha achingidwe usiku, cifukwa ca ana ndi ziweto. Pemphani alangizi a zaumoyo aphunzitse anyamata ndi amai angapo kukanikiza cifuwa kuja, pakuti kumva ndi makutu sikufanana ndi kuyesa ndi manja.

Ndipo ngozi ikagwa, musalole kuti mudzi upasuke ndi kulozana zala za ufiti. Tsitsani kandulo yoyaka m'citsimemo pamaso pa anthu onse. Kawirikawiri adzaona ndi maso ao lawi likuzima lisanafike pansi, ndipo adzadziwa cimene cinapha mwana wao. Ngati munali injini, cifukwa cace cadziwika kale.

Tsono pobwerera kwanu, kauzeni anthu anu mau awa, ana omwe awamve. Wosayesa mpweya asatsike. Wopanda cingwe asatsike. Wopanda omlonda asatsike. Ndipo mnzanu akagwa, mkokeni muli pamwamba, musamtsate.